Kuchokera ku Kota Kota Kufika ku Nkhotakota

Munthu wotambasula mapu akale a dziko lino, a m'nthawi ya Nyasaland, sangapezepo dzina loti Nkhotakota. M'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa Salima, angangopeza mawu awiri akuti Kota Kota. Umo ndi momwe Azungu adalimvera dzinalo, ndipo umo ndi momwe lidalembedwera m'makalata a boma ndi pa zidindo za positi ofesi kwa zaka zoposa 60.

Malowa adatchuka Azungu asanafike. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, adakhazikika pamenepo natenga udindo wa Jumbe. Kuchokera padooko lake zombo zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. David Livingstone adafikako mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wa masiku amenewo. Boma la atsamunda litakhazikika, dera lonselo lidatchedwa Marimba, likulu lake nkukhala Kota Kota.

Pa 6 July 1964 Nyasaland adasanduka Malawi, ndipo m'zaka zoyamba za ufulu maina ambiri adasinthidwa. Kusinthako kudali kwa mitundu iwiri. Poyamba, adachotsa maina okumbutsa nkhondo ndi ulamuliro wa alendo: Fort Johnston adakhala Mangochi, Port Herald adakhala Nsanje, Fort Manning adakhala Mchinji, Fort Hill adakhala Chitipa. Kachiwiri, adawongola maina a makolo amene Azungu adawapotoza polemba: Cholo adabwerera ku Thyolo, Mlanje ku Mulanje, ndipo Kota Kota ku Nkhotakota. Kwa anthu a kunyanja sikudali kupatsidwa dzina latsopano ayi. Boma ndilo lidayamba kulemba chimene iwo adali kunena kale.

Nkhani ya miseu ya m'mizinda njokhotakhota kuposa apa. Maina ena achizungu sadakhudzidwe konse. Ku Blantyre msewu wa Victoria Avenue ulipobe, ndiponso wa Glyn Jones, yemwe adali bwanamkubwa wotsiriza wa Nyasaland. Koma malo akuluakulu adalandira dzina limodzi: bwalo la masewero la Rangeley lidakhala la Kamuzu, ndipo msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe udatchedwa Kamuzu Highway.

Mbiri ya msewu umenewu imabwereranso ku Nkhotakota. Henry Masauko Chipembere adabadwa mu 1930 ku Kayoyo, dera la Ntchisi, lomwe panthawiyo lidali m'boma la Kota Kota. Mu 1960, atangotuluka m'ndende, adaimirira pamodzi ndi Dr. Kamuzu Banda pamsonkhano waukulu wa Malawi Congress Party ku Kota Kota komweko, pomwe Dr. Banda adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Patangopita zaka zinayi awiriwo adasemphana pa mkangano wa nduna wa mu 1964. Chipembere adatuluka m'dziko mu 1965, namwalira ku America mu 1975. Kwa zaka pafupifupi 30 dzina lake silinkatchulidwa poyera popanda mantha.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, boma la Bakili Muluzi lidachotsa dzina la Kamuzu m'malo angapo, ndipo Kamuzu Highway adasanduka Masauko Chipembere Highway. Bwalo lija lidatchedwa Chichiri. Mu 2004 Bingu wa Mutharika adabwezera dzina la Kamuzu pabwalolo, pabwalo la ndege la ku Lilongwe ndi pachipatala chachikulu cha mumzindawo, koma msewu adausiya momwemo. Motero bwalo la Kamuzu lidapezeka litaima m'mphepete mwa msewu wa Chipembere, ngati momwe eni mainawo adaimira pamodzi ku Kota Kota.

Komabe chikwangwani pachokha sichikhazikitsa dzina. Mu 2006 msewu wa Midima, wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje, udapatsidwa dzina la Robert Mugabe, koma okwera minibasi adapitiriza kunena kuti Midima. Dzina la Nkhotakota silidavute chotero, pakuti asodzi ndi alimi a mpunga a m'mbali mwa nyanjayo sadalisiyepo chiyambire.