Ndani Asunga Nkhalamba? Mbiri ya Makhonsolo ndi Cithandizo ca Okalamba m'Zambia

Mau Oyamba

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya cithandizo cimene okalamba a m'Zambia akhala akulandira kucokera ku maulamuliro a pafupi ndi iwo, ndiwo mafumu, makhonsolo ndi maofesi a pa boma, kuyambira m'nthawi ya atsamunda kufikira zaka zino. Zitsanzo zambiri tazitenga ku Cigawo ca Kum'mawa. Mfundo yathu ndi yakuti kwa zaka zoposa zana limodzi olamulira anatsamira pa ganizo limodzi, lakuti munthu akakalamba ali ndi kwao, ndipo kwaoko kuli abale omusunga. Ganizoli linali ndi coonadi cake, koma linalinso lowakomera olamulirawo, popeza linawatula mtolo umene sanafune kusenza.

Tisanalowe m'mbiriyi, tione kaye mau amene. M'Cinyanja timati "wokalamba" kapena "mkulu", mau a m'gulu la anthu, koma timatinso "nkhalamba", dzina limene limayenda ndi agwirizanitsi a gulu la mbuzi ndi nyumba: nkhalamba ija yafika, nkhalamba zija zadandaula. Sitikunena kuti galamala ndiyo imanyoza munthu. Komabe amene amamva bwino cinenero adziwa kuti mkulu amafunsidwa nzeru pabwalo, pamene nkhalamba imangopatsidwa mpando kuseri kwa nyumba. Mbiri imene tikulembayi ndi ya momwe anthu ambiri anacokera ku dzina loyambalo ndi kugwera ku laciwiri.

Mudzi, Msonkho ndi Macona

Pakati pa Acewa, mai wokalamba anali tsinde la mbumba. Ana ake aakazi ankakhala naye pafupi cifukwa amuna ao ankabwera kudzakhala cikamwini, motero sankasowa womutungira madzi kapena womusinjira mphale. Mwamuna wokalamba sanali wotetezeka cimodzimodzi. Ngati anakhalitsa kwao kwa mkazi wake, mkaziyo akamwalira iye ankayenera kubwerera kwa alongo ake ndi adzukulu ake, kumene mwina anali atakhala mlendo. Kwa Angoni a Mpezeni zinthu zinali zosiyanako: mkulu wa khola ankakalamba pakati pa ana ake aamuna, ndipo ng'ombe zinkamusungira ulemu.

Angoni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, kampani ya British South Africa inakhazikitsa boma ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ndipo posakhalitsa inabweretsa msonkho. Ndalama ya msonkho sinkapezeka m'mudzi. Anyamata anayamba ulendo wa ku Harare, ku Wankie ndi ku Johannesburg, ndipo pambuyo pake ku Broken Hill ndi ku migodi ya mkuwa. Ena ankabwerako ndi njinga ndi nsalu. Ena sanabwerenso, ndipo cinenero cinawapezera dzina lakuti macona. Kuwonjezera apo, kampani ya North Charterland inatenga malo aakulu, ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa amene anapanikizana msanga, nthaka nkuguga. Audrey Richards, m'buku lake la 1939 lonena za Ababemba, anaonetsa momwe kusowa kwa amuna odula mitengo kunabweretsera njala m'midzi. Kum'mawa nakonso otsala ndiwo anayenera kuswa mphanje, kufolera madenga ndi kuluka nkhokwe, ndipo ambiri mwa otsalawo anali akazi ndi okalamba.

M'caka ca 1929 boma la atsamunda linapanga lamulo lopatsa mafumu mphamvu zoweruza milandu ndi kuyang'anira madera ao, ndipo kuyambira 1936 maulamuliro a mafumuwa analoledwa kukhala ndi thumba lao la ndalama. Apa ndi pamene panayambira makhonsolo a kumidzi. Ndalama za m'thumbali zinkathera kwambiri pa malipiro a mafumu, akapaso ndi alembi, zotsala nkupita ku zitsime, misewu ndi masukulu ocepa. Cimene mwamuna wokalamba ankayembekezera kwa boma cinali cimodzi: kumasulidwa ku msonkho. Popeza zikalata za kubadwa kunalibe, bwana wa pa boma ankangomuyang'ana imvi ndi mayendedwe ake nkugamula. Tinganene kuti uku ndiko kunali kuzindikira koyamba kwa boma kuti kuli cinthu cochedwa ukalamba, ndipo kuzindikirako kunali kuleka kulanda, osati kuyamba kupatsa.

M'matauni

M'matauni lamulo linali loonekeratu. Munthu wakuda ankakhalamo cifukwa ca nchito, ndipo nyumba inali ya nchitoyo. Migodi itagwa m'caka ca 1931, anchito zikwizikwi anangouzidwa kubwerera kumidzi. Godfrey Wilson wa ku Rhodes-Livingstone Institute, amene anafufuza ku Broken Hill, anaonetsa m'zolemba zake za 1941 ndi 1942 kuti amuna ambiri anali atathera kale mbali yaikulu ya moyo wao wa ucikulire m'tauni, ngakhale boma linkawawerengabe ngati alendo odutsa. Lamulo la nyumba la 1948 linakakamiza olemba nchito ndi makhonsolo kumangira anchito ndi akazi ao nyumba, koma wopuma pa nchito analibe gawo m'menemo. Cina codabwitsa n'cakuti zambiri zimene makhonsolo ankacitira anthu akuda, monga maholo, mabwalo a mpira ndi zipatala zazing'ono, zinkalipiridwa ndi phindu la mowa wa m'mabiyaholo a khonsolo. Anthu ankadzilipirira okha cisamaliro cao kudzera m'cipanda.

Maiko oyandikana nafe anayenda njira zosiyana. South Africa inayamba penshoni ya okalamba m'caka ca 1928 kwa azungu ndi makaladi, ndipo mu 1944 inafikitsa penshoniyo kwa anthu akuda, ngakhale inali yocepa. Southern Rhodesia inayamba yake mu 1936 ndipo inasiya anthu akuda kunja. Kuno ku Northern Rhodesia, thumba lothandiza osowa, limene lero likudziwika ndi dzina lakuti Public Welfare Assistance Scheme, linayamba m'zaka za m'ma 1950, makamaka pofuna kuthandiza asilikali akale amene anamenya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Nyumba zosungiramo okalamba zinali zowerengeka. Za boma zodziwika bwino ndi Maramba ku Livingstone ndi Chibolya ku Mufulira, ndipo ena mwa okhalamo kwa nthawi yaitali anali macona a ku Malawi, Angola ndi Mozambique amene anakalambira kuno opanda wowalandira kwao. Zina, monga Mitanda ku Ndola ya a Salvation Army ndi Divine Providence ku Chawama mu Lusaka ya Akatolika, ndi za mipingo.

Ufulu ndi Nzeru ya Umunthu

Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la makhonsolo la 1965 linathetsa maulamuliro a mafumu ndi kuika makhonsolo osankhidwa. Mu 1966 kunabadwa Zambia National Provident Fund, thumba limene wanchito ankasonkhamo mwezi ndi mwezi kuti adzalandire ndalama zake zonse kamodzi akapuma. Koma thumbali linali la olembedwa nchito okha. Mlimi wa ku Lundazi, msodzi wa ku Luangwa ndi mai wogulitsa pa msika sanalimo, ndipo awa ndiwo anali oculuka.

Pa nkhani ya okalamba, Dr Kenneth Kaunda anali ndi maganizo omveka. M'buku lake la 1966, A Humanist in Africa, anayamikira banja lalikulu la Ciafirika ndipo anaona kusunga makolo m'nyumba za okalamba ngati mwambo wacilendo wocititsa manyazi. Sitikayika kuti ankalankhula zocokera pansi pa mtima, ndipo ambiri a ife tinaleredwa ndi cikhulupiriro comweco. Cimene tiyenera kuona ndi cakuti mau a mtsogoleri wa ufulu anafika pa mfundo imodzimodzi ndi ya bwana wacitsamunda: mudzi udzasunga. Wina ananena monyadira, wina mopeputsa, koma m'mabuku a ndalama za khonsolo zotsatira zake zinali zofanana.

Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, zinthu zinayamba kuthina. Lamulo la 1980 linaphatikiza makhonsolo ndi cipani ca UNIP pansi pa bwanamkubwa wa boma lililonse, ndipo ndalama zambiri zinayamba kuthera pa maudindo. Kukwera kwa mitengo ya zinthu kunadya ndalama za m'thumba la opuma pa nchito, kotero kuti munthu wosonkha kwa zaka makumi awiri ankalandira zosakwanira kumangira nyumba. James Ferguson, m'buku lake la 1999, Expectations of Modernity, analondola anchito a m'migodi a ku Kitwe amene anabwerera kumidzi atapuma. Ambiri anapeza kuti mudzi umakumbukira amene ankatumiza kanthu ndi kubwera pa maliro, ndipo umakumbukiranso amene sanatero.

Zaka za m'ma 1990 zinafoola makhonsolo koposa. Lamulo la 1991 linabwezeretsa masankho, koma mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo pa mitengo yotsika. Kwa okalamba ena a m'Matero ndi m'Chilenje ici cinali cabwino ndithu, pakuti kwa nthawi yoyamba anakhala ndi nyumba imene sinkatha ndi nchito. Koma makhonsolo anataya lendi, imene inali gwero lalikulu la cuma cao, ndipo nchito ya madzi nayo inapita ku makampani. Khonsolo imene inkalephera kulipira anchito ake, ndi kusunga opuma ake omwe zaka zambiri osawapatsa zao, sikanatha kuganizira nkhalamba ya m'komboni. Zipatala zitayamba kulipiritsa m'zaka zomwezo, a zaka 65 ndi kuposerapo anakhululukidwa, ngakhale kukhululukako sikunagule mankhwala pamene m'cipatala munalibe. Malipirowa anacotsedwa m'zipatala za kumidzi mu 2006.

Pa nthawi imodzimodziyo matenda a Edzi anatembenuza dongosolo lonse. Amene anayenera kusunga makolo ndiwo anayamba kumwalira, ndipo agogo anatsala ndi ana amasiye. Kumene imfa zaculuka, kulozana zala sikucedwa. Max Marwick, m'buku lake la 1965 lonena za ufiti pakati pa Acewa a kuno, anali ataonetsa kale kuti milandu yotere imabuka kwambiri pakati pa abale a mbumba imodzi. Lamulo loletsa kuchula munthu mfiti lilipo kuyambira 1914, koma okalamba apitirira kumenyedwa, kupirikitsidwa ndi kuphedwa kumene, kawirikawiri ndi abale ao omwe boma linkati adzawasunga.

Kalomo ndi Katete

Kusintha kwenikweni kunayambira ku Kalomo, ku Cigawo ca Kum'mwera, m'caka ca 2003. Unduna woona za cisamaliro ca anthu, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, unayamba kupatsa mabanja osaukitsitsa, limodzi mwa khumi alionse, ndalama zokwana K30,000 za nthawiyo pa mwezi. Osankha mabanjawo anali makomiti a anthu a m'midzi momwemo ogwira nchito mongodzipereka. Kunapezeka kuti mabanja ambiri osankhidwa anali oyang'aniridwa ndi okalamba, makamaka amai olera adzukulu.

Ku Katete, mu 2007, kunayesedwa njira ina imene ife tikuiona kuti ndiyo yofunika koposa m'mbiri yonseyi. M'madera osankhidwa, munthu aliyense wa zaka 60 ndi kuposerapo ankalandira K60,000 pa mwezi m'dzina lake, popanda kufunsidwa ngati ali wosauka. Kusiyana kwake n'kwakukulu. M'njira ya ku Kalomo komiti iyenera kugamula kuti mwa amai awiri oyandikana nyumba, onse osowa, wosowetsetsa ndani, ndipo cigamulo cotere cimasiya cidani m'mudzi. M'njira ya ku Katete umboni ndi citupa cokha. Vuto lake linali la amene zaka zao zinalembedwa mongoyerekeza pa citupa, kapena amene analibe citupa n'komwe. Penshoni ya ku Katete sinafalitsidwe ku maboma ena. Boma linasankha njira yothandiza mabanja, imene m'zaka zotsatira inawerengera banja lokhala ndi munthu wa zaka 65 pakati pa oyenera kulandira.

Mu 2014 boma linakweza ndalama za nchitoyi kucoka pa K17.5 miliyoni kufika pa K150 miliyoni za ndalama yatsopano, ndipo pofika 2017 inali itafika m'maboma onse. Ndondomeko ya dziko yonena za ukalamba inatuluka mu 2015. Mu 2018 kunamveka kuti ndalama zina za osauka sizinafike kwa eni ake. Britain, Ireland, Finland ndi Sweden anaimitsa cithandizo cao kwa kanthawi, ndipo nduna ya undunawo, Emerine Kabanshi, inacotsedwa pa udindo. Mu 2022 banja linkalandira K200 pa mwezi, ndipo cilala ca 2024 citalengezedwa kukhala tsoka la dziko, ndalamayo inawonjezeredwa.

M'zonsezi khonsolo inali kuti? Ndalama zinkacokera ku Lusaka ndi kwa opereka cithandizo akunja, zinkadutsa mu ofesi ya unduna ya pa boma, nkufika m'midzi. Khansala wosankhidwa ndi anthu ankangoimirira pambali. Mu 2022 thumba la citukuko ca dera la phungu, limene limadutsa m'makhonsolo, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri makhonsolo anagwira ndalama zooneka. Malangizo a caka cimeneco anagawa ndalamazo pa zomangamanga, pa maphunziro a ana ndi pa mabizinesi a acinyamata, amai ndi magulu a m'madera. Wokalamba amapindula ndi mjigo kapena cipatala comangidwa pafupi, monga wina aliyense, koma gawo lochedwa ndi dzina lake m'malangizowo munalibe.