Mapu a Al-Idrisi ndi Maina a Nyanja Yathu

Tikaona mapu atapachikidwa m'kalasi, kumpoto kuli pamwamba, timayesa kuti dziko linalengedwa chotero. Koma mapu ndi ntchito ya manja a anthu, ndipo wojambulayo ndiye amasankha chokhala pamwamba ndi dzina lolembedwa pamalo.

M'chaka cha 1154, mumzinda wa Palermo pachilumba cha Sicily, katswiri wachisilamu Muhammad al-Idrisi, wobadwira ku Ceuta, anatsiriza buku la mapu limene mfumu yachikhristu Roger II inam'pempha. Ntchitoyi inatenga zaka pafupifupi 15. Iye sanangokopera zolemba zakale za Ptolemy wa ku Alexandria, koma ankafunsa amalonda ndi apaulendo, n'kusunga zimene umboni wawo wagwirizana. Dziko analigawa m'mapu 70, ndipo kumwera anakuika pamwamba, monga ankachitira ojambula ambiri achiarabu. Motero pamapu ake Africa ali pamwamba pa Ulaya.

M'bukumo muli gombe la Zanj ndi Sofala, kodziwika ndi golide ndi chitsulo, pakuti ngalawa za amalonda zinkafika kumeneko. Nyanja yathu mulibe, ngakhale asodzi anali akuponya kale makoka m'menemo.

Dzina lake linalembedwa pambuyo pake, ndipo analemba ndi alendo. Mapu ena a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1700 anaitcha Maravi. David Livingstone atafika mu 1859 analemba Nyassa, mawu a Chiyao ongotanthauza nyanja. Dzina wamba limeneli linabala Nyasaland mu 1907. Linga la atsamunda la mu 1891, m'dera la Mfumu Mponda, linatchedwa Fort Johnston potengera Harry Johnston. Ufulu utabwera mu 1964 dziko linakhala Malawi. Kenaka Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje. Mpaka lero madzi omwewa ku Mozambique amati Niassa, ku Tanzania amati Nyasa.

Choncho, abale, dzina losalembedwa limatha pamodzi ndi olidziwa. Madooko, zilumba ndi miyala imene asodzi amapezera njira usiku zili ndi maina amene mapu sadziwa. Tiwafunse akuluakulu adakali moyo, tiyerekeze umboni wawo monga anachitira al-Idrisi, ndipo ana athu alembe.