Zopanira za Kuwala ndi Phokoso

Izi ndi njira zogwirira tinthu tosaoneka ndi maso, monga mabakiteriya ndi maselo, popanda kutikhudza. Mu 1986 Arthur Ashkin wa ku Bell Labs, ku America, anaonetsa kuti kuwala kwa leza kukaunjikidwa pa kadontho kamodzi m'maikulosikopu, kanthu kamene kali m'madzi kamakokedwa n'kukhazikika pamene kuwalako kwakula mphamvu. Kadonthoko kakasuntha, kanthuko kamatsatira. Ntchitoyi inam'patsa mphoto ya Nobel mu 2018, ali ndi zaka 96.

Otsutsa amati kuwala kotere kumawononga selo, ndipo sakunama: leza yobiriwira imene Ashkin anayamba nayo inkapha mabakiteriya. Koma mu 1987, atasinthira ku leza ya infrared, mabakiteriya ankagawikana n'kuchulukana ali chigwidwire. Cholakwika tsono chinali mtundu wa kuwalako, osati njirayo. Chofooka chenicheni n'chakuti leza imagwira tinthu towerengeka. Apa phokoso limaposa: mafunde ake osamveka m'makutu amandandalika maselo ankhaninkhani m'mizere nthawi imodzi, osawatentha kwambiri. Komabe wofuna kuyeza mphamvu ya puloteni imodzi, monga kinesin, amabwererabe ku leza.