Dzina la Tombstone silinachokere kumanda

Alendo ambiri amene amakacheza ku Tombstone, tauni yakale ya migodi m'chigawo cha Arizona ku America, amabwerako akunena kuti dzinali linadza chifukwa cha anthu ophana ndi mfuti. Tombstone m'Chingerezi ndi chiliza, ndiye munthu akangoona manda a Boothill n'kumva za kuwomberana kwa ku O.K. Corral, basi mlandu wagamula. Komatu zimenezo si zoona. Kuwomberanako kunachitika pa 26 October 1881, pamene Wyatt Earp, abale ake awiri ndi Doc Holliday anapha amuna atatu m'masekondi pafupifupi 30. Apo n'kuti dzinali litakhazikika kale.

Mwini nkhani ndi Ed Schieffelin, yemwe mu 1877 ankayendayenda m'mapiri a kumeneko kusaka miyala ya siliva. Dzikolo linali la Aapache, amene ankalimbana ndi azungu owalanda malo, choncho kumsasa wa asilikali wa Camp Huachuca anamuchenjeza kuti chimene akachipeze kumeneko ndi chiliza chake basi. Ena amati ananena mawuwa ndi asilikali, ena amaloza Al Sieber, wolondolera asilikali njira. Ine ndimaona kuti anali mawu a m'kamwa mwa aliyense pamsasapo, poti ngoziyo inali yodziwika. Schieffelin sanabwerere m'mbuyo. Atapeza siliva, malo oyamba amene analembetsa kuti akumbe anawatcha Tombstone, kuyankha omuseka aja, ndipo tauni yomwe inamangidwa mu 1879 pamalo otchedwa Goose Flats inatengera dzinalo. Chaka chotsatira John Clum anayambitsa nyuzipepala n'kuitcha Epitaph, kutanthauza mawu olembedwa pachiliza.

Migodiyo inadzagonja ndi madzi a pansi, amene anadzaza m'maenje mpaka kukumba kunaleka kupindula. Lero tauniyi imadyera alendo. Mumsewu wa Allen mumadutsa ngolo zokokedwa ndi mahatchi, ndipo amuna ovala zipewa zazikulu amachita sewero la kuwomberana kuja tsiku ndi tsiku. Chimandiwawa n'chakuti Earp, amene anakhalako zaka zochepa chabe, ndiye ali pakamwa pa aliyense.

Schieffelin anamwalira mu 1897 ku Oregon, ndipo anadzamuika kunja kwa tauniyi atamuveka zovala zake zosakira miyala, piki yake ili pambali, monga anapemphera yekha. Pamanda pake anamangapo mulu wautali wa miyala. Mukadzafika ku Tombstone, musadzachoke musanakaone pamenepo.