Zingwe, mphete ndi kampeni: chilankhulo cha anthu odumpha m'ndege

Kumadzulo kwa Mutare, kuseri kwa malokeshoni a Chikanga ndi Hobhouse, cha ku Odzi, kuli bwalo la ndege la Grand Reef. M'zaka za m'ma 1970, pa nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe, asilikali a boma la Rhodesia a gulu la Fireforce ankanyamukira pamenepo pa ndege ya Dakota kukatera m'madera a ku Manicaland. Kwa anthu a m'midzi imeneyo parachuti inkabwera ndi maliro, ndiye m'pomveka kuti ambiri akamva za parachuti amangoganiza za nkhondo. Ku Malawi nako, ukati parachuti anthu amakumbuka asilikali a ku Salima.

Parachuti ya asilikali aja inali yozungulira, yovuta kuiwongolera, ndipo inkatsegulidwa ndi chingwe chomangirira m'ndege momwemo, chotchedwa static line. Munthu akangotuluka pakhomo, chingwecho chinkasolola nsalu m'chikwama. Ankadumphira pafupi kwambiri ndi nthaka, mamita osakwana 200, moti china chikalakwika mpata wokonza unali wochepa zedi.

Wamasewero odumpha m'ndege wa lero amatuluka m'ndege pa mamita 3,000 mpaka 4,000, n'kugwa osatsegula kanthu kwa masekondi 30 mpaka 60, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Kugwa kumeneku ndiye freefall. Zomwe wabereka kumsana zili ndi mayina ambirimbiri, ndipo ukawatsata bwino umapeza kuti pafupifupi dzina lililonse linabwera chifukwa cha ngozi yomwe inkavulaza kapena kupha anthu.

Nsalu yeniyeniyo amati canopy. Ya masiku ano ndi ya makona anayi, yochokera ku luso la Domina Jalbert, yemwe analandira chiphaso cha umwini wa lusoli mu 1966. Ndi nsalu ziwiri za nayiloni, yapamwamba ndi yapansi, zosokedwa m'zipinda zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zinayi zotseguka kutsogolo. Mpweya ukalowa m'zipindamo nsaluyo imafufuma n'kulimba ngati matiresi opopa, ndipo imasanduka phiko lenileni. Munthu amagwira tizogwirira tiwiri, matoggle: akakoka ka kumanzere amakhotera kumanzere, akakoka tonse pamodzi pafupi ndi nthaka liwiro limatha n'kutera choimirira. Kukoka komalizaku amati flare.

Phiko lotere linabwera ndi vuto lake: linkatseguka mwankhanza, mpaka kudula zingwe ndi kuvulaza msana. Yankho lake ndi kansalu kamakona anayi ka mabowo anayi m'makona, kotchedwa slider. Zingwe zonse zimadutsa m'mabowomo. Popinda parachuti kansaluka amakakwezera pamwamba, ndiye potseguka mphepo imakagwira, kamatsetsereka pang'onopang'ono, nsalu yaikulu n'kumatambasuka mwaulemu. Palibe batire, palibe waya.

Chomwe ine chimandigometsa kwambiri ndi mphete zitatu za paphewa, zomwe Bill Booth wa ku Florida anatulukira m'zaka za m'ma 1970. Parachuti yaikulu ikapiringizika, munthu ayenera kuitaya msanga asanatsegule yachiwiri, ya reserve, apo ayi ziwirizo zikolana. Kutayako amati cutaway. Kale panali maloko achitsulo awiri ofuna manja onse, munthu akuzungulira mlengalenga. Booth anaika mphete yaikulu, yapakati yolowa mwa yaikuluyo, ndi yaing'ono yolowa mwa yapakati. Mphete iliyonse imachepetsa mphamvu yofika kwa inzake, mpaka kulemera konse kwa munthu kumatsala pa kalupu kakang'ono ka chingwe, komwe kagwiridwa ndi kawaya kachikasu. Kukoka chogwirira chimodzi kumasolola kawayako mbali zonse ziwiri, mphete n'kugudubuka, parachuti n'kuchoka. Kenaka kalamba kena, ka RSL, kamangiriridwa ku parachuti yotayidwayo, kamatsegula reserve pomwepo, ngakhale mwini wake atasokonezeka mutu.

Nanga akakomoka, kapena akaiwala kuyang'ana chida choyezera kutalika? Mu 1991 kampani ya Airtec ya ku Germany, ya Helmut Cloth, inatulutsa CYPRES, kamakina ka gulu lomwe amati AAD. Kamakhala m'chikwama cha reserve n'kumayeza mphamvu ya mpweya, potero kamadziwa kutalika ndi liwiro. Kakaona kuti munthu wodziwa kale masewerowa wafika cha pa mamita 225 akugwabe mopitirira mamita 35 pa sekondi, kamaphulitsa kaonga komwe kamakankha kampeni, kampeniko n'kudula chingwe chotsekera chikwama, reserve n'kutseguka. Lero kuli mitundu ina monga Vigil ya ku Belgium, ndipo m'malo ambiri wophunzira saloledwa kukwera ndege alibe AAD.

Tandem, yomwe Ted Strong ndi Booth anayamba kuyesera cha mu 1983, ndi kudumpha awiri pa parachuti imodzi, mlendo atamangiriridwa pachifuwa pa mphunzitsi. Awiri amagwa mothamanga, choncho amaponya kaparachuti kakang'ono ka drogue kuti kabweze liwiro. Alendo odzaona malo ku Victoria Falls akhala akudumpha motere.

Pali mawu amodzi omwe amandidetsa nkhawa: wing loading, kutanthauza kulemera kwa munthu ndi katundu wake poyerekeza ndi kukula kwa nsalu. Wophunzira amapatsidwa nsalu yaikulu, yopitirira masikweya fiti 200, yomwe imakhululuka akalakwitsa. Akatswiri ena amauluka pa yosakwana 100, yosokedwa ndi nayiloni wosalola mpweya kudutsa, ya zingwe zowonda za Vectran, n'kumakhota mwadala pafupi ndi nthaka kuti asesereke pa liwiro lalikulu. Zotsatira zake n'zakuti ambiri mwa omwe amafa masiku ano amafa parachuti itatseguka bwinobwino. Booth mwiniwake anachenjezapo kuti zida zikamanka zidalirika, anthu nawo amawonjeza chibwana. Pamenepa kampeni ka AAD sikangathandize, ndipo ndikuona kuti luso lofunika tsopano ndi la kuphunzitsa: tizida tolira m'khutu, tojambula ulendo wonse ndi GPS kuti mphunzitsi aone pomwe munthu anakhotera mochedwa, komanso zipinda za mphepo yowomba chokweza momwe munthu amaphunzira kugwa asanakwere ndege.

Kwa ife kuno, mbali ya lusoli yoyenera kuiyang'anitsitsa ndi parachuti yonyamula katundu. Phiko lomwe lija akaliika kakompyuta, GPS ndi timainjini tokoka zingwe, limadziwongolera lokha mpaka pomwe lauzidwa. Asilikali a ku America amalitcha JPADS. Ku Rwanda, kuyambira 2016, tindege topanda woyendetsa ta kampani ya Zipline timaponya magazi pazipatala ndi tiparachuti tating'ono. Anthu a ku Mutare akukumbuka Malichi wa 2019, pomwe namondwe wa Idai anagumula misewu ndi milatho ya ku Chimanimani, midzi n'kukhala masiku osafikika ndi galimoto, mahelikopita nawo akulephera kuuluka chifukwa cha nkhungu. Boma ndi mabungwe othandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi akanachita bwino kuphunzitsiratu anthu odziwa kupinda, kusoka ndi kuyendera maparachuti otere, kuti namondwe wina akadzafika, mankhwala ndi ufa zidzathe kutera pabwalo la sukulu ku Ngangu kapena ku Kopa msewu usanakonzedwe.