Linga la pa Phiri la Chittor

M'dziko la India, ku cigawo ca Rajasthan, muli mtundu wa anthu ankhondo ochedwa a Rajput. Mafumu ao akale anamanga malinga a miyala pamwamba pa mapiri, ndipo lomveka koposa onse ndilo la Chittor, mudzi waukulu wa mafumu a Mewar. Phirilo liima lokha pacidikha, msinkhu wace mapazi oposa 500, ndipo wokwerapo apyola zipata zisanu ndi ziwiri.

Mudziwa inu nokha kuti wothawira kuphiri asauka ndi madzi. Amisiri a Chittor anasamalira ici ndithu, nasema maiwe ndi zitsime m'thanthwe zakusungamo madzi a mvula. Ati zinalipo 84, koma lero zatsala 22. Dziwe lina, dzina lace Gaumukh, lidzala ndi kasupe wotuluka pa mwala wosemedwa ngati pakamwa pa ng'ombe. Potero mdani sanakhoza kuwagonjetsa msanga ndi ludzu.

Cinkana kunali tero, lingalo linagwa katatu. Pa caka ca 1303 Alauddin Khalji, mfumu ya ku Delhi, analilanda atalizinga miyezi isanu ndi itatu. Pa 1535 analilandanso Bahadur Shah wa ku Gujarat. Nkhondo yacitatu ndiyo yoopsa. Mfumu Akbar anafika pa 1567 ndi mizinga, ndipo anthu ace anakumba pansi pa khoma, naikamo onga, naliphulitsa. Jaimal, kazembe wa linga, ataphedwa ndi cipolopolo, akazi ambiri anadziponya pamoto kuti angagwidwe ukapolo, monga mwa mwambo wao wochedwa jauhar. Amuna natsegula zipata, natuluka kukafa. Munali m'February 1568. Pamenepo Akbar analamulira kupha anthu ngati 30,000, ambiri a iwo alimi wamba amene anathawiramo poyesa kuti khoma lidzawasunga. Oimba nyimbo za ngwazi sawachula kawirikawiri amenewa.

Mfumu ya Mewar, Udai Singh, sanali m'lingamo, pakuti anacoka nkhondo isanafike, nabisala m'mapiri a kumadzulo. Ena amuyesa wamantha. Ine sinditero, popeza iye anaona kuti khoma la miyala silingathe kulimbana ndi onga, ndipo mbumba yace inapulumuka, nilamulira ku Udaipur, mudzi umene anauyamba pa 1559. Pa 1615 Jahangir, mwana wa Akbar, anabvomera kubwezera Chittor kwa mdzukulu wa Udai Singh, koma anapangana naye kuti makoma ogumukawo asawamangenso.