NTHANO YOPANDA MAWU: ULENDO WA KALULU KUCHOKERA PAMOTO KUFIKA PAPEPALA

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Kasungu kunka ku Mzimba amafika pa Jenda, pamene pali msika wotchuka ndi matimati, anyezi ndi mbatatesi. Pamenepa misewu idagaŵikana: wina umanka ku Embangweni, wina umatulukira ku malire a dziko la Zambia kuloŵera ku Lundazi. Pamsikapo pamamveka Chitumbuka, Chicheŵa ndi Chingerezi, ndipo maina a malo monga Edingeni ndi Embangweni amakumbutsa Chingoni chimene makolo ena adabwera nacho kuchokera kumwera. Mwana wobadwira kumeneku amakulira pakati pa zilankhulo zingapo, ndipo funso limene lasautsa aphunzitsi kwa zaka zoposa 100 ndi lakuti buku loyamba la mwanayo lilembedwe m'chilankhulo chiti. Pali mtundu wina wa buku umene umayankha funsoli mwachilendo, pakuti m'kati mwake mulibe mawu: muli zithunzi zokhazokha za nyama, zoyalidwa motsatana mpaka nthano itatha. Mbiri ya buku lotere imamveka bwino munthu akayambira pamoto, pamene nthano idabadwira.

Kale ku Mzimba nthano, zimene Atumbuka amazitcha vidokoni, zinkakambidwa madzulo anthu atadya, makamaka m'nyengo yachilimwe ntchito ya kumunda itachepa. Akulu ankaletsa kukamba nthano masana, chifukwa masana ndi a khasu ndi mtondo. Wokamba, amene kaŵirikaŵiri ankakhala gogo wamkazi, sankangolankhula chabe. Ankasintha mawu kuti amveke ngati Njovu, ankatsinzina diso ngati Kalulu, ankatsimphina ngati Fisi, ndipo pakati pa nkhani ankayambitsa nyimbo imene ana ankavomereza. Chithunzi cha nthano chinali nkhope ndi manja a gogo poŵala moto. Phunziro lake silinkanenedwa mwa chilangizo, koma mwana ankapita kukagona akudziŵa kuti dyera lidapha Fisi, ndi kuti Fulu, woyenda pang'onopang'ono uja, ndiye amagwira wochenjera.

Angoni a Zwangendaba adaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene dzuŵa lidadetsedwa, ndipo m'zaka za m'ma 1850 gulu la M'mbelwa lidakhazikika m'dziko la Atumbuka. Angoni adapambana pa nkhondo, koma pa chilankhulo adapambana ndi amayi achitumbuka amene adakwatiwa m'midzi yawo. Mwana amayamwa chilankhulo pamodzi ndi bere, ndipo nthano imatsata amene akulera. Motero nthano za kumwera ndi za kuno zidasakanikirana m'nyumba imodzi, ndipo Chitumbuka chidasanduka chilankhulo cha tsiku ndi tsiku ngakhale pakati pa Angoni eni ake.

Kuphunzitsa ndi zithunzi zopanda mawu nakonso si chinthu chobwera ndi Azungu. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zojambula zofiira zidasiyidwa ndi Akafula, ndipo zoyera, zambiri za izo zooneka ngati nyama, zidajambulidwa ndi Acheŵa pa za chinamwali ndi za nyau. Mwalawo unkasunga chithunzi, mawu ankasunga ndi anamkungwi. Buku lopanda mawu la masiku ano limagwira ntchito mwa njira yomweyo.

Pepala lidafika ku Mzimba ndi amishoni a Livingstonia. William Koyi, mlaliki wochokera ku Lovedale ku South Africa, adakhala ku Njuyu kuyambira 1882, ndipo Dr. Walter Elmslie adamtsatira m'chaka cha 1885. Angoni adayamba akana sukulu, poopa kuti ana ophunzira adzaleka kumvera akulu ndi kugwira chishango, mpaka adaloleza m'chaka cha 1886, chaka chomwe Koyi adamwalira. Elmslie adatchera khutu ku nthano za anthu aŵa, ndipo m'chaka cha 1892 zina mwa izo zidasindikizidwa m'Chingerezi m'magazini ya Folk-Lore ku London. Mwa nthanozo munali ya Cakide, dzina limene Azulu amatchula nalo likongwe, kanyama kochenjera ka m'nthano zawo. Ichi ndi chizindikiro chakuti Kalulu adali ndi mnzake pa ukathyali, wobwera ndi Angoni kuchokera kutali.

M'chaka cha 1902 Donald Fraser adatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni, m'dera la Inkosi Mzukuzuku, ndipo kuchokera kumeneko sukulu za m'midzi zidafalikira kumwera konse kwa Mzimba. Fraser amakumbukiridwa chifukwa cholimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za m'tchalitchi m'mayimbidwe a makolo awo, kotero kuti nyimbo zachingoni zidapeza malo m'chipembedzo. Nthano sizidachite mwaŵi wofanana. Mabuku oyamba a ana adali a zilembo, katekisimu ndi nkhani za m'Baibulo, ndipo Kalulu adatsala kunja kwa kalasi. Amene adalemba nthano adazilembera akulu anzawo ofuna kudziŵa miyambo. R. S. Rattray adasindikiza nthano ndi nyimbo za Chinyanja m'chaka cha 1907, ndipo T. Cullen Young, amene adagwirapo ntchito ku Loudon, adatulutsa buku la miyambo ndi nthano za Atumbuka ndi Akamanga ku Livingstonia m'chaka cha 1931. Ntchito yawo idapulumutsa zambiri, koma nthano ikagona papepala imataya nyimbo, imataya diso la gogo, imataya ngakhale kuseka kwa ana.

M'zaka za m'ma 1930 Margaret Read adakhala pakati pa Angoni akuphunzira za kaleredwe ka ana, ndipo buku lake la Children of Their Fathers, la m'chaka cha 1959, limafotokoza m'mene anyamata ankachokera m'manja mwa amayi kukagona ku laŵeni, ndi m'mene miyambi, ndagi ndi nthano zinkaumbira khalidwe. M'nyengo yomweyo Geraldine Elliot adalembanso nthano za Angoni kuti aŵerenge ana, m'buku la The Long Grass Whispers la m'chaka cha 1939, lokhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi Sheila Hawkins. Apa Kalulu wa kuno adaoneka nkhope papepala. Koma bukulo lidali la Chingerezi, losindikizidwa ku London, ndipo ana a ku Ulaya ndiwo adaliŵerenga.

Ufulu utabwera, nkhani ya chilankhulo idafika pena. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party udagamula kuti Chicheŵa chikhale chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mwana wa ku Jenda ankamva vidokoni usiku m'Chitumbuka, m'maŵa nakapeza buku la Chicheŵa. Chitumbuka chidabwerera pa wailesi m'chaka cha 1994, chaka chomwe maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ndipo chiŵerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, mabuku ndi aphunzitsi osakwanira. M'chaka cha 1996 Unduna wa Maphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a zilankhulozo adasoŵa. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Pa kusintha konseku, amene adasenza mtolo ndi mwana wa zaka 6, amene amayenera kuphunzira zilembo ndi chilankhulo chachilendo nthaŵi imodzi.

Kunja kwa dziko lino, nthano za nyama zidayenda ulendo wofanana. Nthano zotchedwa za Aesop, amene akuti adakhala ku Greece zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe, nazonso zidayamba pakamwa. William Caxton adazisindikiza m'Chingerezi m'chaka cha 1484 pamodzi ndi zithunzi zosemedwa pa matabwa, ndipo kwa zaka mazana ambiri chithunzi chidali wantchito wa mawu. M'chaka cha 1932 Ruth Carroll wa ku America adatulutsa What Whiskers Did, nkhani ya kagalu yosimbidwa ndi zithunzi zokha, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mabuku otere adachuluka. Lotchuka kwambiri pa nthano za nyama ndi The Lion & the Mouse la Jerry Pinkney, la m'chaka cha 2009, limene lidalandira mphotho ya Caldecott m'chaka cha 2010. Pinkney adaika nthano ya Aesop m'tchire la Serengeti ku East Africa. Mbeŵa ikuthaŵa kadzidzi, ikupezeka pamsana pa mkango. Mkango ukuigwira, ukuiyang'ana, ukuimasula. Alenje opha nyama mozemba akutchera ukonde, mkango ukukodwa, ndipo mbeŵa ija ikudula zingwe ndi mano. Zilembo zimene zilimo ndi za kulira kwa nyama basi. Pachikuto chakumaso palibe ngakhale dzina la buku, pali nkhope ya mkango yokha.

Phindu la mabuku otere pakati pa anthu a zilankhulo zosiyana lidaoneka poyera m'chaka cha 2012, pamene bungwe la mabuku a ana la IBBY lidayamba kusonkhanitsa mabuku opanda mawu kuti akathandize ana othaŵa kwawo ofikira pa chilumba cha Lampedusa ku Italy. Ana ochokera m'maiko osiyanasiyana, osamvana chilankhulo, ankatha kukhalira buku limodzi. Ku South Africa bungwe la Book Dash, limene lidayamba m'chaka cha 2014, limapanga mabuku a ana amene aliyense angathe kuŵasindikiza kwaulere, ndipo ena mwa iwo ndi opanda mawu.

Nthano yodziŵika m'maboma onse a Malaŵi, ya Kalulu ndi chitsime, ikhoza kusonyeza m'mene buku lotere lingagwirire ntchito ku Jenda. Tsamba loyamba likhoza kuonetsa dambo louma ndi nyama zoŵeramitsa mitu. Lachiŵiri, nyama zikukumba, Kalulu ali gone pamthunzi. Lachitatu, Kalulu akunyengerera mlonda wa chitsime ndi uchi, chingwe atabisa kumbuyo. Lotsatira, mlonda ali chimangire, Kalulu akusamba m'madzi a anzake. Potsiriza Fulu, atadzipaka ulimbo pamsana, wakhala phee m'mphepete mwa madzi, ndipo dzanja la Kalulu lakanirira. Mwana wosadziŵa chilembo n'chimodzi chomwe angathe kuiŵerenga nkhaniyi. Amaphunzira kugwira buku, kuyambira kumanzere kunka kumanja, kutsata chimene chidayamba ndi chimene chidatsatira, ndi kulosera za tsamba lakutsogolo asanalitembenuze. Zonsezi ndi maziko a kuŵerenga.

Chachikulu koposa n'chakuti buku lotere limabwezera gogo udindo wake. Buku la mawu likaloŵa m'nyumba, wosaphunzira amakhala mlendo, ndipo mdzukulu ndiye amasanduka mphunzitsi. Buku la zithunzi silichititsa munthu manyazi. Gogo alitsegula, alisimba m'Chitumbuka, aikamo nyimbo imene adaimva kwa amayi ake. Mphunzitsi m'maŵa alisimba m'Chicheŵa kapena m'Chingerezi. Mwana wa wamalonda wochokera ku Lundazi alisimba m'chilankhulo cha kwawo. Ku Embangweni kuli sukulu ya ana osamva ya Sinodi ya Livingstonia, ndipo kwa mwana wosamva, amene nthano ya pamoto idamlambalala chibadwire, chithunzi ndicho khomo loyamba, pakuti angathe kuisimba nkhaniyo ndi manja.

Komabe buku lopanda mawu lili ndi malire ake. Siliphunzitsa zilembo, ndipo mwana ayenera kufikabe pa buku la mawu. Chithunzi nachonso chimafuna kuphunzira: mwana amene sadaonepo buku angaganize kuti akalulu atatu ojambulidwa patsamba limodzi ndi nyama zitatu, pamene wojambula amatanthauza Kalulu mmodzi akuthamanga. Wojambula wosadziŵa mudzi angaike mtondo wolakwika kapena khasu lachilendo, ana naseka pamene sayenera kuseka. Kusindikiza zithunzi zamitundu kumadya ndalama zambiri. Ndipo nyimbo, imene ndi mtima wa chidokoni, sijambulika. Bukulo likangoikidwa m'manja mwa mwana popanda wamkulu womfunsa ndi kumuyankha, limakhala ngati ng'oma yopanda woomba.

N'chifukwa chake ntchito yosunga mawu a okamba nthano ili yofunika chimodzimodzi ndi ntchito ya wojambula. Tito Banda adalemba nthano zisanu ndi ziŵiri za gogo wina waluso wa kumpoto m'buku la Old Nyaviyuyi in Performance, pamodzi ndi nyimbo zake, ndipo kuyambira m'chaka cha 2012 a National Library Service, mothandizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, adayenda m'maboma kujambula pa kanema akulu akusimba nthano m'zilankhulo zawo. Chuma chilipo. Chotsala ndi dzanja la ojambula a ku Malaŵi, odziŵa maonekedwe a tchire la miombo ndi khola la ng'ombe lachingoni, kuti Kalulu amene Elmslie adamlembera akulu a ku London, ndi amene Elliot adamtumiza kwa ana a ku Ulaya, abwerere kwa mwana wa ku Jenda. Akulu adati m'mera mpoyamba, ndipo mwana amene adaseka pa tsamba la Fulu ndi ulimbo sachedwa kufunsa kuti zilembo za m'buku linalo zikuti chiyani.